Pa chiphaso cha agogo palembedwa Fort Johnston: kodi boma lathu la Mangochi linayamba bwanji?

Nachisale wa ku Joni
Moni nonse a kumudzi, akuluakulu ndi achinyamata omwe. Ndabwera ndi funso. Titaika maliro a agogo aamuna mwezi wathawu, amalume anatsegula bokosi lachitsulo lija malemuwo ankalisunga kunsi kwa bedi. Munali jekete yodyeka ndi njenjete, lumo, ndi timapepala tomanga ndi ulusi. Kena ndi kachiphaso ka msonkho, kofiirira ngati kanagwera mu tiyi, ndipo pamwamba pake padindidwa kuti Fort Johnston. Dzinali ndinalimvapo ku pulayimale koma sindinalilabadire. Mwana wanga atandifunsa kuti Johnston ameneyu anali wa kwa yani, ine kukamwa kunangoti yasa. Nditafufuza pafoni ndapezanso kuti kuli Fort Mangochi, koma akuti ili kumapiri cha ku Namwera, osati pa Boma. Zikukhala bwanji pamenepa? Mangochi weniweni ndi uti?

Kabaza Wapamlatho
Mangochi weniweni ndi pomwe pali chambo, achemwali. Zinazo n'za m'mabuku 😂

Admin
Achimwene a Kabaza, kuona maso a nkhono n'kudekha. Tiyeni tiwasiyire bwalo aphunzitsi athu, ndawaona ali pa intaneti.

Aphunzitsi Opuma
Pepa ndi maliro, mwanawe. Kachiphaso ako usakataye.

Ndiyambe ndi malo. Taganizira botolo. Nyanja yonse ija, kuchokera ku Karonga mpaka kuno, ili ndi khomo limodzi lokha lotulukira madzi, ndilo Shire, ndipo kuchoka pamene mtsinjewu ukutuluka m'nyanja kufika pamene ukulowa mu Malombe ndi kamtunda kochepa. Pamenepo ndiye pakhosi pa botolo. Wofuna kulowa m'nyanja ndi chombo kuchokera kumwera ankadutsa pamenepo. Wochokera kuzambwe, kwa Achewa ndi Angoni, atasenza minyanga ya njovu kapena akukusa anthu ogwidwa kupita kugombe la nyanja yamchere ku Kilwa kapena ku Quelimane, ankawolokanso chapomwepo ngati sanafune kudutsa panyanja ndi chombo. Mfumu Mponda inakhala pamenepo, tsidya la kuzambwe, ndipo inalemera ndi dooko limenelo: nsalu, mikanda, mfuti ndi wonga.

Harry Johnston anafika m'dziko muno mu 1891 ngati nthumwi yaikulu ya boma la Britain. Ndalama analibe zokwanira, moti zambiri zoyendetsera boma lake zinkachokera ku kampani ya Cecil Rhodes, mapaundi 10,000 pachaka. Asilikali ake enieni anali Amwenye pafupifupi 70, ambiri a iwo Asikh a nduwira aja, motsogozedwa ndi Captain Cecil Maguire. Munthu wa asilikali ochepa chotere sangamwaze anthu ake paliponse, amasankha pakhosi. Mu Okutobala 1891 anamanga linga tsidya la kum'mawa kwa Shire, moyang'anizana ndi mudzi wa Mponda, n'kuwombera mudziwo ndi mzinga mpaka mfumu inagonja ndi kumasula akapolo omwe anali m'manja mwake. Linga limenelo ndiye Fort Johnston woyamba. Malowo anali a m'dambo, choncho chakumapeto kwa zaka za m'ma 1890 anasamukira tsidya lino, pamene pali Boma leropa.

Za Fort Mangochi ndiwasiyire eni ake a kuphiri.

Che Mdala wa ku Namwera
Salaam aleikum nonse. Aphunzitsi mwalongosola bwino, koma nkhani yanu mwaiyambira kumadzi, pomwe dzina lili kumtunda kuno. Mangochi ndi phiri. Ngakhale Ayao ena amatchedwa Amangoche chifukwa anayamba akhala pa phiri limeneli asanatsikire cha ku Chiradzulu, Blantyre ndi Mulanje, atakankhidwa ndi anzawo Amachinga. Pambuyo pake paphiripo panakhala Che Jalasi, amene azungu m'mabuku mwawo ankalemba kuti Zarafi chifukwa lilime linkawakanika.

Tsono mverani. Mu Febuluwale 1892 mzungu wina wa pa linga lija, dzina lake King, anatenga asilikali n'kukwera kuti akathane ndi Jalasi. Anakumana nazo. Anthu a Jalasi anawabalalitsa, King anavulala, ndipo pothawa anasiya mzinga wawo. Mzinga wa Mfumukazi ya ku Mangalande unakhala m'manja mwa Jalasi zaka zitatu zathunthu! Anadzautenganso mu 1895 pamene Major Edwards anabwera ndi gulu lalikulu n'kulanda mudzi wa paphiri, Jalasi n'kuwolokera ku Mozambique. Ndiye pofuna kuti asabwererenso, azungu anamanga linga lawo pamalo omwewo. Limenelo ndiye Fort Mangochi mwaliona pafonilo, mwanangu.

Ine ndinakwerako ndili mnyamata, kawiri. Makoma ake ndi amiyala, okhuthala moti munthu utha kuyenda pamwamba pake, ndipo mitengo inamera m'kati mwa nyumba, mizu yake n'kumang'amba njerwa. Kumazizira ngati si Mangochi yemweyu wa thukutayu. Ukaima pamenepo ukuona chigwa chonse mpaka ku malire, ndipo umamvetsa chifukwa chake Jalasi anasankha malowo.

Nachisale wa ku Joni
Dikirani kaye agogo. Ndiye kuti tawuni yomwe anaitcha dzina la Johnston, titalandira ufulu anaichotsa dzinalo n'kuipatsa dzina la phiri la munthu yemwe analanda mzinga wa Johnston yemweyo?

Che Mdala wa ku Namwera
Wamva bwino. Ife kuno timangoseka tikamva a pa Boma akudzitama kuti ndife a Mangochi. Dzina munabwereka, ndipo simunabweze.

Kabaza Wapamlatho
Tibweza mukadzatibwezera usipa wonse mwakhala mukudya kumapiriko. Koma aphunzitsi, poti lero ndi tsiku la maina, ine ndinamva kuti mawu oti BOMA ndi chidule cha British Overseas Military Administration. Apa ndiye ndakhoza eti?

Aphunzitsi Opuma
Walakwa, khala pansi. Bodza limeneli lazungulira kwambiri pa WhatsApp ndipo limandipweteketsa mutu. Boma ndi mawu a Chiswahili, kutanthauza mpanda wa mitengo kapena wa minga wotchingira anthu kapena ziweto. Analipo Angerezi asanaponde kuno, ndipo Ajeremani ku Tanganyika ankawagwiritsanso ntchito. Amalonda a m'gombe akamanga msasa ankauzinga ndi boma. Mzungu atamanga linga lake, anthu anati akukhala m'boma, wopita kukapereka msonkho n'kumati ndikupita ku boma. Mapeto ake mawu a mpanda anasanduka dzina la tawuni, la dera lonse, ndi la ulamuliro womwe. Lero tikamati boma lakweza mtengo wa feteleza, tikutchula mpanda wa mitengo uja osadziwa.

Ndipo mkulu wa pamalopo poyamba sankatchedwa DC ayi. Udindo wake unali Collector, kutanthauza wotolera msonkho. Dzina lokhalo likuuza ntchito yomwe anabwerera. Msonkho wa nyumba unakhazikika pa mashiling'i atatu pachaka, ndipo dera lathuli pa mapu awo linkalembedwa kuti South Nyasa District. Dzina la Fort Johnston linadzafalikira ku dera lonse pambuyo pake, n'chifukwa chake lili pa kachiphaso ka agogo ako, Nachisale.

Wa Chipata Mkamwini
Ine ndine mlendo muno, ndinangokwatirako kwa Chimwala, koma kwathunso ku Zambia n'chimodzimodzi. Chipata inali Fort Jameson, ndipo tsidya lanu Mchinji inali Fort Manning. Onsewo malinga omangira Mpezeni, mfumu ya Angoni.

Msodzi wa kwa Makanjira
Mwatchula Mponda, mwatchula Jalasi, koma amene anawasowetsa tulo azunguwo simunamutchule. Makanjira anali ndi zombo zakezake zowolotsa anthu ndi katundu panyanja kuchokera tsidya la Salima. Kale mu 1888, Johnston asanakhazikitse boma lake, nthumwi ya Britain John Buchanan itafika kwa Makanjira pamodzi ndi wansembe wa Anglican W. P. Johnson, Buchanan anavulidwa zovala n'kukwapulidwa pagulu. Ndiye chidani chinalipo kale.

Maguire uja aphunzitsi amutchula sanathe ngakhale chaka m'dziko muno. Mu Disembala 1891 anabwera ndi sitima ya Domira kudzatentha zombo za Makanjira. Anatenthadi ziwiri, koma akubwerera ku sitima, ali m'madzi, chipolopolo chinamupeza. Sitimayo inali itatitimira mumchenga. Dokotala wachimwenye, Boyce, ndi injiniya wa sitimayo atatsika kuti akakambirane zotenga mtembo, nawonso anaphedwa. Zinatengera azungu zaka zina ziwiri, ndi sitima zankhondo ziwiri zomwe anabweretsa zidutswazidutswa, Pioneer ndi Adventure, kuti agonjetse Makanjira chakumapeto kwa 1893. Atatero anamanga linga lina n'kulitcha Fort Maguire. Dzinali lilipobe mpaka lero kwathu kuno.

Ndiye muone: Fort Johnston kumtsinje, Fort Maguire kugombe la kum'mawa, Fort Mangochi kuphiri. Malinga atatu m'boma limodzi. Ndi maboma angati ali ndi zotere?

Wa ku Chembe
Ine ndawerenga zonsezi mwakachetechete koma mtima wakana. Mukuwatchula anthuwa ngati ngwazi za mpira. Zombo za Makanjira zinkanyamula chiyani? Mbatata? Zinkanyamula anthu, ndipo ambiri mwa anthuwo anali Anyanja ndi Achewa, makolo a ena a ife muno. Mbiri ya dera lino sikuyambira pa Johnston, komanso sikuyambira pa Mponda. Ayao anafika kuno cha m'ma 1860 kuchokera kum'mawa, ndipo anapeza anthu akulima, akuwedza, akuwomba nsalu za thonje ndi kusula makasu. Pitani ku Nkope. Akatswiri ofukula zakale anapeza mapale a miphika kumeneko a zaka zoposa 1,500, moti mtundu wonse wa miphika yakaleyo, kulikonse komwe amaipeza m'dziko muno, amautcha dzina la Nkope. Likulu la Kalonga ku Mankhamba linali pafupi pomwepa, kungodutsa malire athu kulowa cha ku Mtakataka. Anthu amenewo anathawira kuti? Ena m'zilumba, ena m'mapiri, ena m'mabango a Malombe, ena anamangidwa goli.

Msodzi wa kwa Makanjira
Achimwene, palibe wanena kuti ukapolo unali wabwino. Ine ndafotokoza zomwe zinachitika.

Wa ku Chembe
Mwafotokoza mbali yokoma.

Che Mdala wa ku Namwera
Mwana wa ku Chembe sakunama, ndipo ine sindingakane. Mafumu athu anagulitsa anthu, ndipo chuma chawo chinachokera pamenepo. Koma naye Johnston musamuveke mkanjo wa mngelo. Akanakhala kuti anangobwerera akapolo, bwenzi atamasula anthu n'kubwerera kwawo. Iye ankafuna kuti mfuti zikhale zake zokha, msonkho wa padooko ukhale wake, ndipo Apwitikizi asalowe. Midzi yomwe anatentha munali akazi ndi ana, ena mwa iwo akapolo omwewo. Mfumu yomwe inagonja msanga anaisiya pampando ngakhale nayo inkagulitsa anthu dzulo lake. Yomwe inakana msonkho ndiyo inatchedwa chigawenga.

Mayi a ku Malindi
Ndiloleni ndiikepo mawu, ana anga, chifukwa nkhani imeneyi ine ndinaimvera pamphasa, osati m'buku. Agogo awo a mayi anga sanali Mchawa wobadwa. Anagwidwa ali kamtsikana akuchokera kotunga madzi, kwinakwake kuzambwe kwa nyanja, ndipo dzina la mudzi wawo anafa asanalikumbukire. Chomwe ankakumbukira ndi mtengo waukulu wa mkuyu ndi nyimbo imodzi yosinjira. Sanawapititse kugombe, mwini wawo anawasunga, atakula n'kuwakwatira. Anabereka ana asanu ndi mmodzi, ndipo ife tonse tinachokera mwa iwo. Mayi anga ankati gogoyo ankayankhula Chiyao bwinobwino, koma akapsa mtima kapena akamalota, chinkatuluka ndi Chinyanja. Pamwambo wina uliwonse wa pabanja ankakhala kumbuyo, ndipo pakabuka mkangano anthu ankawakumbutsa kuti inu munabwera ndi nsalu.

Tsono ine ndikhale mbali iti? Wogula ndi agogo anga, wogulidwa ndi agogo anga. Ndipo musaganize kuti ndili ndekha. Mukafukula bwino, theka la gulu lino lili chimodzimodzi, kungoti m'mabanja ambiri nkhani imeneyi amainong'ona.

Admin
Zikomo mayi. Abale, apa tiyeni tipume pang'ono. Wina aliyense wolemba zonyoza mtundu wa mnzake ndichotsa uthenga wake, osafunsa.

Wa ku Chembe
Ndamva, mayi. Pepani ngati ndinakweza mawu. Kwathunso nkhani zotere zilipo.

Nachisale wa ku Joni
Mayi a ku Malindi mwandiliza ndili pa basi. Ine mayi anga ndi Anyanja, bambo anga Achawa, ndipo sindinafunsepo kuti zinayamba bwanji.

Funso lina: amishoni anabwera liti? Chifukwa ine ndimaganiza kuti iwo ndi boma anabwera limodzi.

Wa ku Chembe
Ayi achemwali, amishoni anatsogola ndi zaka 16. Imeneyi ndiye ntchito yanga, ndimaperekeza alendo tsiku ndi tsiku. David Livingstone anaiona nyanjayi mu Sepitembala 1859 atakwera ndi Shire kudutsa Malombe, ndipo ndiye anatcha malo athu Cape Maclear, potengera mnzake Thomas Maclear, katswiri wa nyenyezi wa ku Cape Town yemwe sanapondeko n'komwe kuno. Livingstone atamwalira, a mpingo wa ku Scotland anatumiza gulu lomwe linalowa m'nyanja ndi sitima ya Ilala pa 12 Okutobala 1875, motsogozedwa ndi E. D. Young, muli Dr Robert Laws. Sitimayo anaimasula pa mathithi a Shire, anthu n'kuisenza pamutu zidutswazidutswa mpaka kumtunda. Ndipo malo okhala anakapempha kwa yani? Kwa Mponda. Livingstonia yoyamba inali kwathu kuno, osati ku Rumphi.

Koma malungo anawatha. Manda awo alipo m'munsi mwa phiri, kuphatikizapo a Dr William Black. Pa zaka zonsezo anabatiza munthu mmodzi, Albert Namalambe, mu 1881, chaka chomwecho n'kusamukira ku Bandawe. Alendo ndikawaonetsa mandawo ndimawauza kuti manda asanu, Mkhristu mmodzi, ndipo amangoti chete.

Mayi a ku Malindi
Akatolika nawo anayamba kwa Mponda komweko. Ansembe a White Fathers anafika kumapeto kwa Disembala 1889, mtsogoleri wawo Bambo Lechaptois, ndipo anabwera mothandizidwa ndi Apwitikizi omwe ankafuna kuti derali likhale lawo. Anatsegula kasukulu, ankapereka mankhwala, koma pofika pakati pa 1891 ananyamuka kupita kwa Amambwe ku Zambia, miyezi yochepa Johnston asanafike ndi mzinga wake. Ife a Anglican ndife tinakhazikika, kwa Mponda ndi kuno ku Malindi. Sitima ya Chauncy Maples anailumikizira kwa Mponda n'kuiponya m'madzi mu 1901. Zitsulo zake zinachokera ku Glasgow, ndipo boyila yake yokha inakokedwa ndi Angoni mazanamazana kudutsa pa mathithi paja. Bambo anga ankaitchula ngati munthu, ankati "akubwera a Chauncy", chifukwa inali tchalitchi, sukulu ndi chipatala zoyenda pamadzi.

Kabaza Wapamlatho
Chabwino, nanga kamzinga kali pafupi ndi nsanja ya wotchi paja, pomwe ine ndimadikirira makasitomala, ndi komwe analanda Che Jalasi kaja?

Wa Sitima Wopuma
Ayi mphwanga, kameneko ndi ka pamadzi, ndipo apa mwafika pa gawo langa. Ndinagwira ntchito m'sitima ku Monkey Bay mpaka tsitsi kuyera. Mfuti imeneyo ndi ya mtundu wa Hotchkiss, inachotsedwa pa sitima yankhondo ya Guendolen, yomwe anailumikizira pa Fort Johnston pomwepo zaka za m'ma 1890 zikutha. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itayamba mu Ogasiti 1914, Captain Rhoades anauzidwa kuti akawononge sitima ya Ajeremani, Hermann von Wissmann. Anakaipeza ili pamtunda akuikonza ku Sphinxhaven, komwe lero ndi Liuli ku Tanzania, n'kuiwombera. Nkhani yomwe amalinyero timakonda kufotokozerana ndi yoti kapitawo wachijeremani anali mnzake wa Rhoades womwa naye mowa, ndipo uthenga woti nkhondo yayamba unali usanamufike. Anapalasa kabwato mokalipa kudzafunsa ngati mnzakeyo waledzera, n'kupezeka wagwidwa ukaidi. Kumeneko kunali kuwomberana koyamba kwa pamadzi komwe Britain inapambana pa nkhondo imeneyo, ndipo sitima yake inali ya pa Boma pathu pano.

Nsanja ya wotchiyo anaimanga mu 1903 pokumbukira Mfumukazi Victoria yomwe inamwalira mu 1901. Pomwepo palinso chikumbutso cha anthu 145 omwe anamira ndi sitima ya Vipya pa 30 Julayi 1946 kumpoto, cha ku Chitimba. Iwe umaimika njinga pamenepo tsiku lililonse, unayamba wawerengapo?

Kabaza Wapamlatho
Madala, ine ndimayang'ana kumsewu, osati kukhoma. Mawa ndiwerenga.

Aphunzitsi Opuma
Nkhondo imeneyo kwa azungu ndi nthabwala ya Rhoades ndi mnzake, koma kwa makolo athu inali mtengatenga. Katundu wa asilikali opita kumalire a kumpoto ankakwezedwa sitima pa Fort Johnston, ndipo chakumapeto kwa nkhondo, Ajeremani atalowa m'Mozambique, magulu ankhondo ankanyamukira pomwepo kudzera ku Namwera. Ankasenza ndani? Amuna a m'midzi yathu, ogwidwa kudzera kwa mafumu, ambiri osabwerera. Pa Boma pali manda a asilikali a nkhondoyo, osesedwa bwino, miyala yolembedwa maina. Amtengatenga anagona m'tchire.

Nachisale wa ku Joni
Ndiye ngati tawuniyi inali ndi sitima zankhondo, dooko, azungu amalonda, bwanji sinakule ngati Blantyre? Ine ndikukula inali misewu iwiri ndi mitengo ya migwalangwa basi.

Wa Sitima Wopuma
Madzi, mwanawe. Tawuni inabadwa ndi mtsinje ndipo inafooka ndi mtsinje womwewo. Nthawi ya Johnston munthu ankakwera sitima ku Matope, kudutsa Liwonde ndi Malombe mpaka kulowa m'nyanja. Koma kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 nyanja inayamba kuphwa. Mchenga unatseka pakhomo paja, ndipo cha m'ma 1915 Shire analeka kutuluka m'nyanja, kwa zaka pafupifupi 20. Malombe anasanduka dimba, anthu ankalima chimanga pomwe lero akuponya makoka. Sitima zikuluzikulu zinkaima kunja kwa mchengawo, katundu n'kumatsitsidwira m'mabwato.

Pamene madzi ankabwerera cha m'ma 1935, njanji inali itafika kale ku Chipoka ndi Salima. Katundu wochokera ku Beira sankafunikanso kudzera kwa Mponda. Kenako ntchito ya sitima inakhazikika ku Monkey Bay, komwe kuli dooko lakuya lotetezeka ndi mapiri. Pa Boma panatsala DC, polisi, ndende, chipatala ndi sitolo za Amwenye. Nyumba yomwe inali kalabu ya azungu ndi ija ili miziyamu lero.

Msodzi wa kwa Makanjira
Apa ndiye mwandikhudza pachilonda. Boma analiika pamenepo poganizira sitima ndi mizinga, sanaganizire munthu woyenda pansi. Sitima zinachoka, Boma linatsala pomwepo, ndipo ife tili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 100. Chaka china m'nyengo yadzinja ndinaperekeza mlongo wanga kukasainitsa pepala limodzi lokha. Tinanyamuka nkhuku zisanalire, pa lole yodzaza matumba a usipa. Titafika pa mtsinje wina tinapeza wadzaza, tinakhala pamenepo mpaka dzuwa kupendeka, anyamata akuwolotsa anthu pamapewa pa mtengo wawowawo. Tinafika pa Boma maofesi atatseka, n'kugona pakhonde la sitolo, mlongo wanga atafunda chitenje chonyowa. Pepala la mphindi zisanu, masiku atatu. Anthu akwathu ena amaona kuti kuwolokera ku Salima pa boti n'kwapafupi kusiyana n'kupita ku boma lawo lomwe. Mwina Makanjira akulipirabe mlandu wa Maguire.

Che Mdala wa ku Namwera
Kwa Katuli ndi kwa Bwananyambi akuuzani zomwezo. Kungoti ife msewu wokwera phiri uja unatipulumutsa.

Mnyamata wa pa Chancellor
Koma akuluakulu, mukudumpha nkhani yaikulu. Usiku wa 12 Febuluwale 1965 Henry Masauko Chipembere, mwana wa ku Malindi komweko, analanda Fort Johnston ndi anthu ake, n'kutenga mfuti za kupolisi, ulendo wa ku Zomba. Chinawalepheretsa ndi pantoni ya pa Liwonde yomwe inali tsidya lina. Mtsinje womwewo! Ndipo zomwe zinagwera anthu a boma lino pambuyo pake, ena amati ndiye chifukwa chenicheni chomwe tinatsalira.

Admin
Mphwanga, mfundo yako ndi yoona ndipo ndi yaikulu, koma ndiyofunika bwalo lakelake. Muno muli anthu omwe abale awo anatengedwa nthawi imeneyo. Tsegula mutu wina Loweruka, ndidzaukhomera pamwamba. Lero tithane ndi za kachiphaso ka Nachisale.

Mayi a ku Malindi
Loweruka ndidzakhalapo. Ndili nazo zoti ndinene.

Aphunzitsi Opuma
Nachisale, tayang'ana bwino kachiphasoko. Kawirikawiri pamakhala chaka, dzina la nyakwawa ndi nambala ya m'kaundula wa mudzi. Ukapeza dzina la nyakwawa, wapeza mudzi womwe agogo ako ankalembedwa, ndipo nthawi zina si mudzi womwe banja likukhala lero, chifukwa amuna ankalembedwa komwe akwatira. Amuna ambiri ankayenda nako m'thumba kulikonse, poti wopezeka alibe ankagwidwa ndi amesenjala a DC. Ena ankakasunga m'kabango kotseka ndi phula kuopa mvula. Bambo anga ankakasomeka kudenga, pakati pa udzu ndi nsungwi, ndipo tsiku lina mbewa zitakadya anayenda wapansi kuchoka kwa Nankumba mpaka pa Boma kukadandaula, n'kubwerako atalipiranso kachiwiri.

Nachisale wa ku Joni
Ndangowaimbira amalume pompano. Akuti timapepalato anatsala pang'ono kuyatsira mbaula dzana, anawaletsa ndi azakhali. Ndawauza atikulunge mu pulasitiki, atiike m'Baibulo la agogo aakazi mpaka ndidzafike pa Khirisimasi. Dzina la nyakwawa akuti likuoneka koma chidindo chinaphimba theka, ajambula mawa kukawala anditumizire.

Agogo a ku Namwera, ndikadzabwera ndikufuna ndidzakwere phiri limenelo ndi mwana wanga. Miyendo ikadalipo yotiperekeza?

Che Mdala wa ku Namwera
Miyendo inapita ndi zaka, mwanangu, koma mdzukulu wanga amadziwa njira. Kungoti Disembala udzu umakhala utatalika ndipo miyala imaterera, mudzanyamuke m'mamawa ndipo mudzavale nsapato zotseka, osati zapulasitiki za ku Joni zija. Mudzafikire kunyumba kaye, mudzadye ugali.

Kabaza Wapamlatho
Kuchoka pa depoti kufika pa nsanja ya wotchi ndidzakunyamulani ulere, achemwali, pamodzi ndi mwanayo. Koma za kukwera chitunda cha Chowe cholowera ku Namwera pa njinga musandiyese, kumeneko mudzakwere minibasi.